Mafupa a Bwana Hanzal

Jedlanov,
Lolemba, 21 Seputembala 1992

Okondedwa achemwali anga a Vlasta,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino ku Hamilton kumeneko, inu ndi alamu anga a Evžen ndi ana onse. Ine kuno ndilipo. Bondo lija ndiye lakana mankhwala, ndipo dokotala watsopano akuti vuto si bondo koma thupi limene bondolo likunyamula. Phukusi lanu linafika bwinobwino. Juzi yandikwana, khofi ndikumwa Lamulungu lokhalokha kuti asathe msanga, koma nsapato ndapatsa aneba, chifukwa munagulira mapazi omwe munawasiya kuno zaka makumi awiri ndi zinayi zapitazo. Mapulamu chaka chino abereka mpaka kuthyola nthambi, akungowolera pansi.

M'envelopu momwemu muli pepala la ku khonsolo lofuna siginecha yanu, poti manda a makolo athu ali m'dzina la ife awiri. Musaligwire musanamalize kuwerenga. Ndikupemphaninso kuti kalatayi muwerenge nokha, ngakhale maso akuvuteni. A Evžen musawapatse.

Nkhani ndi yoti a Otakar ayeretsedwa. Khoti la kuchigawo linakhala mu Juni, linafukula mafayilo a fumbi, n'kulengeza kuti Otakar Hanzal, mwini fakitale ya mabulangete ya Jedlanov, yemwe anaweruzidwa mu 1948 kuti anagulitsa dziko kwa Ajeremani, analibe mlandu. Papita zaka makumi anayi ndi zinayi chiwaweruzireni, ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu chimwalirireni. Oweruza atatu ophunzira apeza zomwe ngakhale agalu a m'tauni muno ankadziwa, zoti mabulangete a asilikali aja ankalukidwa mfuti ili pakhomo, ndiponso kuti a Otakar analemba anyamata mazana awiri kuti ndi amisiri ofunika pa makina, pomwe ambiri sankatha n'kulowetsa ulusi komwe, n'cholinga choti asatengedwe kukagwira ukapolo ku Jeremani. Alamu anga akudziwa, dzina lawo linali pa mndandandawo. Sindikutonza iwo okha ayi. Tsiku la mlandu anthu mazana awiri onsewo anadwala pakhosi.

Ndiye tauni yathu yadzuka ndi chikondi. Achemwali, mukanaona. Anthu omwe ankawoloka msewu akaona a Otakar akuchokera ku siteshoni komwe ankatsitsa malasha, ali bii, lero aliyense ali ndi kankhani kake. Uyu akuti ankawapatsa ndudu mobisa, uyo akuti amayi ake ankawasiyira mazira pazenera. Ine ndinakhala nawo m'nyumba muno zaka khumi ndi zinayi, ndipo pazenera panga ndinapezapo zinthu zambiri, koma dzira losasweka sindinalionepo.

Inunso simunakondwe pamene ndinawapatsa chipinda chakumbuyo atatuluka m'ndende mu 1960. Munati mkazi wamasiye wopanda mwana asamadzitolere mavuto, ndipo munkanena zoona, poti ku fakitale anandichotsa kosokera n'kukandiponya kochapira ubweya, komwe manja anga anang'ambikira. Koma munthu uja anaima pakhomo panga ndi katoni yomanga ndi chingwe, mano anayi okha m'kamwa, atagogoda kale nyumba zisanu ndi zinayi, n'kundivulira chipewa ngati ndine mkazi wa nduna. Ndikanatani? Chaka choyamba ndinkawaitana kuti bwana, iwo n'kumandiletsa. Chaka chachitatu chipinda chakumbuyo chinasanduka chosungira mbatatesi. Zimenezi munkazidziwa, ndipo ndikuthokozani kuti simunandifunsepo.

Meya wathu tsopano ndi Cyril Dohnal. Inde, yemwe uja, mphunzitsi wa mbiri yakale, amene ankabwera ndi ana a sukulu ku siteshoni kudzawaonetsa mmene woyamwa magazi a antchito amaonekera. Baji yofiira ya chipani chakale anaivula zaka zitatu zapitazo, pamalo pake anaikapo kamtanda, kabowo ka pa jekete n'komweko. Mwezi watha anabwera kuno ndi maluwa, akundiitana kuti mayi athu. Akuti akukonza kabati yagalasi ku holo ya tauni, ndiye amafuna kanthu kalikonse komwe malemu ankagwiritsa ntchito, kaya magalasi, kaya fosholo ya malasha.

Ndinati, "Ndili ndi mwala womwe unaswa zenera ilo mu 1963, a Dohnal. Mukauika m'kabatimo tilembepo dzina la kalasi yanu kapena lanu?"

Anaseka, n'kunena kuti ndikadali ndi nthabwala. Maluwa anasiya pa mpando. Ndinapatsa akalulu, anakana.

Lachinayi lapitali kunabwera Radim, mwana wa a Otakar uja amayi ake, a Hedvika, anathawa naye ku Switzerland mlandu usanathe. Tsopano ndi bambo wa imvi zake ndi mimba yake, ndipo chilankhulo chathu amachitafuna ngati nyama yosapsa. Anabwera ndi loya, galimoto yawo inatseka kamsewu konse. Anaima m'khitchini mwanga osavula jekete, maso akuyenda m'makoma ngati woyendera ukhondo. Ndinamupatsa mpando womwe bambo ake ankakhalapo. Anayamba waupukuta ndi mpango.

Anati banja likuyamikira chisamaliro chomwe ndinapereka kwa bambo ake monga mwininyumba. Anati fakitale ibwerera m'manja mwa banja, manda akuluakulu a akwa Hanzal pamwamba pa phiri akukonzedwa, ndipo n'koyenera kuti bambo ake akagone kumeneko, pafupi ndi makolo awo komanso phulusa la mtembo wa amayi ake lomwe wabwera nalo. Loya anatulutsa pepala lololeza kuti awafukule, ndi cholembera chagolide.

Ndinamufunsa komwe anali mu 1974, pamene khonsolo inakana kupereka malo, wansembe n'kudwala mwadzidzidzi, ine n'kuika bambo ake pakati pa bambo ndi mayi athu, onyamula bokosi ali otsitsa malasha anayi, awiri mwa iwo ataledzera. Anati malire anali otseka. Ndinati makalata ankadutsa.

"Amene anatseka khomo ndi bambo, mayi Kubátová, osati ife," anatero.

Mawuwo sindinafune kuwaganizira. Ndinauza loyayo kuti abweze cholembera chake m'thumba chisanadetsedwe ndi mafuta a patebulo panga. Atachoka ndinamva kukoma kwambiri, moti ndinadzifulira khofi wanu mkati mwa sabata.

Mwambo unali Loweruka, pabwalo la fakitale. Khadi yanga inafika Lachisanu, dzina litalakwika. Anandikhazika mzere wachisanu ndi chiwiri, kumbuyo kwa mwini butchala. Kutsogolo kunali nkhope zoti munthu ataziona zonse pamodzi angaganize kuti mlandu wayambiranso, kungoti wozengedwa ndi amene sanabwere. Gulu la malipenga la ozimitsa moto linaimba mosagwirizana monga mwa nthawi zonse. Msewu wa fakitale, umene zaka zonsezi unali Msewu wa Kupambana kwa Antchito, wabwerera ku dzina la Hanzal. Chikwangwani anachikhoma mofulumira moti chapendekeka, mabowo a chakale akuonekera.

Dohnal analankhula mphindi makumi anayi. Mawu oti mwana wolemekezeka wa Jedlanov anawanena kasanu ndi kamodzi. Mawu ake ananjenjemera pamalo onse oyenera, monga ankanjenjemerera kale pa tsiku la antchito. Kenako anayamba kubweza ulemu. Chikalata cha unzika waulemu anachilembanso pa pepala latsopano, ndipo mlembi wa ku khonsolo anandinong'oneza kuti analiviika mu tiyi kuti lioneke lakale. Mendulo yomwe boma la nkhondo isanayambe linapatsa a Otakar mu 1936 inasowa kalekale, ndiye anakagula yofanana nayo kwa wogulitsa zakale mumzinda. Kumbuyo kwake kuli dzina la munthu wina, wopanga shuga, lomwe anayesa kulipala ndi tupa. Anaigoneka pa khushoni n'kuipereka kwa Radim. Anavundukulanso chifanizo cha mutu, chosema potengera chithunzi cha a Otakar ali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu, tsitsi lodzaza mutu, chibwano cha msilikali. Munthu ameneyo ine sindinam'phikirepo.

Alois Vrba analiponso, kapitawo uja anaimirira m'khoti n'kulumbira kuti anaona a Otakar akugundanitsa matambula a vinyo ndi akuluakulu a Ajeremani, kenako n'kupatsidwa fakitale yonse kuti aiyendetse zaka makumi awiri. Pano ali pa njinga ya olumala, bulangete pamiyendo, mzere woyamba. Mtsikana wa ku wailesi atamufunsa, anati nthawi zinali choncho, aliyense anavutika m'njira yake. Analira pang'ono. Masoseji atadutsa anadya atatu, wachinayi anakulunga m'kapepala n'kubisa kunsi kwa bulangete.

Mpaka pamenepa, achemwali, ndinali kusangalala. Ndivomere. Palibe chokoma ngati kukhala kumbuyo uli ndi manja oyera, ukuyang'ana misana ya anthu n'kumadziwa zomwe aliyense anachita. Chakudya chimenechi ndakhala ndikudya zaka makumi atatu ndipo sichinandikolepo.

Kenako Dohnal anatulutsa pepala lina m'thumba la mkati. Anati m'mafayilo a kukhoti mwapezeka kalata yoonetsa mtundu wa munthu amene tikumulemekezayu. Anati mu 1968, dziko litamasuka pang'ono, loya wina wachinyamata anafuna kuutsegulanso mlanduwu, ndipo analembera a Hanzal kawiri kuti abwere adzapereke umboni wawo. Anavala magalasi n'kuwerenga yankho lawo.

"Olemekezeka, makalata anu awiri ndalandira. Manja amene anandipaka matope sangandisambitse. Ndikudziwa zomwe ndinachita ndi zomwe sindinachite, ndipo sindikupempha kanthu kwa inu, kapena kwa wina aliyense, kuno kapena kunja. Musandilemberenso."

Bwalo lonse linaimirira. M'manja munaombedwa mpaka nkhunda zinathawa padenga. Vrba nayenso anaomba. Amayi ankapukuta m'maso, ndipo Dohnal analengeza kuti mawu amenewa ndi amene asemedwa pa mwala wakuda wa manda atsopano, kuti ana athu aziphunzirapo. Radim yekha ndi amene sanaombe, ankangoyang'ana nsapato zake. Ine sindinathe kuimirira. Mkazi wa mwini butchala anatembenuka n'kundisisita phewa, poganiza kuti ndi chisoni.

Achemwali, kalata imeneyo a Otakar sanaione n'komwe. Ndinalemba ndine, pa makina anu otayipira aja munandibwereka mu Julayi chaka chimenecho, nditakunamizani kuti ndikulemba dandaulo la denga lodontha. Ndipo amene munakaiponya ku positi mumzinda ndinu, tsiku lomwe munapita kwa dokotala wa mano. Munandifunsa kuti bwanji dandaulo la denga likupita kukhoti, ine n'kuti ndi malamulo atsopano.

Mukukumbuka mmene chaka chija chinalili. Anthu ankalankhula mokweza m'mabasi, ngakhale amene anali asanatsegulepo pakamwa chibadwire. Mu Epulo kunabwera kalata ya a Hedvika, yoyamba pa zaka makumi awiri. Nthawi imeneyo n'kuti ng'ala itaphimba maso onse awiri a a Otakar, ndiye chilichonse chobwera ndi positi ndinkawawerengera ndine. A Hedvika anati apeza loya kuno amene wavomera kuthandiza. Anati dzina likayera pasipoti ituluka, mkazi wa Radim wabereka mwana wamkazi, ndipo m'nyumba mwawo muli chipinda choyang'ana kudimba chomwe palibe akugonamo. Ndinawerenga zonse, mawu anga osagwedezeka. Anandipempha kuti ndibwereze pomwe pankanena za mwana. M'mawa mwake anati nditulutse suti yawo ndiyanike padzuwa, imve mphepo.

"Ndikungokaona mwana, Jarmila," anatero. "Sabata ziwiri ndabwerako."

Sindinawakhulupirire. Munthu wa dzina loyera, wa mkazi wa ukwati wa kutchalitchi, wa mdzukulu wake, angabwererenso kudzatani kwa wochapa ubweya? Anali anga chifukwa panalibe wina ankawafuna, ndipo ndinkadziwa. Ndinali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi. Mwamuna wanga Karel ndinakhala naye miyezi isanu ndi iwiri yokha nkhondo isanamutenge, ndipo a Otakar ndi munthu yekhayo pambuyo pake amene ankandifunsa madzulo kuti tsiku layenda bwanji, n'kudikira yankho.

Kalata yoyamba ya kukhoti inafika mu Juni. Ndinaiwerenga panja, pafupi ndi khola la akalulu, n'kukaiponya m'chitofu. Yachiwiri inati ngati sayankha, loyayo abwera yekha kudzawaona. Apo m'pamene ndinabwera kwa inu kudzabwereka makina. Siginecha sinandivute, poti ndinali nditasainira mapepala awo a penshoni zaka zitatu. Ndinailemba kanayi kufuna kuti imveke ngati iwo, ndipo mwaona, yamveka. Mawu oti kuno kapena kunja ndinawawonjezera pomaliza, ndikudziwa bwino amene ndinkafuna kuti awamve.

Mwezi wotsatira akasinja a nkhondo ochokera kunja analowa m'dziko muno, inu munathawira kunja, ndipo loya uja ndinamva kuti anamuchotsa ntchito. Zaka zonsezi ndakhala ndikudziuza kuti sizikanatheka ndithu, mlanduwo ukanafera panjira. Mwina n'zoona. Koma pamene ndinkatayipa sindinkadziwa za akasinja. Komanso malire anakhala otseguka miyezi ingapo, inu nomwe munadutsa ndi masutikesi anayi ndi wotchi ya amayi.

Iwo anadikira. Wa positi akagwedeza chipata ankatembenuza mutu, ine n'kuti ndi nyuzipepala basi. Katatu anandiuza kuti nditenge pepala ndilembere a Hedvika. Ndinalemba mokhulupirika, liwu ndi liwu, n'kuwawerengera, n'kumata envelopu iwo akumva. Palibe envelopu ndi imodzi yomwe imene inatuluka pachipata. Sanadandaule. Tsiku lina anangoti a Hedvika ali ndi ufulu wotopa nawo, ndipo suti ndiibwezere m'kabati.

Ndinawasamala, achemwali. Palibe anganene kuti sindinawasamale. Ndinkawameta ndevu, ndinkawadulira buledi tizidutswa, miyendo itatupa ndinkawanyamula pamsana kupita kubafa. Kutatsala masiku khumi kuti amwalire, dokotala anawafunsa kuti mayi awa ndi ndani wanu. Iwo anati, "Awa okha ndi amene sanandigulitse." Ine ndinali nditagwira beseni. Sindinalitaye.

Dzulo nditachoka ku Misa ndinapita ku hotela komwe Radim akugona. Ndinamupeza yekha m'chipinda chodyera, akusenda dzira. Sindinakhale pansi. Ndinamuuza zonse monga ndakuuzirani inu, kuyambira pa khola la akalulu mpaka pa maenvelopu atatu. Nsagwada yake inkayenda yokha, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona a Otakar pankhope yake.

Anandiuza kuti loya wachinyamata uja anatumiza kope la kalata yanga ija kwa amayi ake mu Ogasiti chaka chomwecho. A Hedvika anaiwerenga patebulo, anaipinda kanayi, ndipo kuyambira tsiku limenelo mpaka kumwalira kwawo mu 1981 sanatchulenso dzina la mwamuna wawo. Radim anali atagula kale bedi la chipinda choyang'ana kudimba chija. Mawu onse a m'kalatamo amawadziwa pamtima, anati, ndipo wakhala akudana ndi bambo ake chifukwa cha mawuwo zaka makumi awiri ndi zinayi. Loweruka anachita kulimba mtima kuti amve anthu akuwaombera m'manja.

Kenako anandifunsa, mawu ake ali ang'ono ngati a mwana. "Ankafuna kubwera?"

"Suti inali padzuwa," ndinatero.

Anaphimba nkhope ndi manja onse awiri. Ndinaima pomwepo kudikira kuti andimenye, kapena aitane apolisi, kapena andilavulire. Ndinkafuna chimodzi mwa zimenezi. Woperekera zakudya anabwera ndi tiyi, ataona zimenezo anabwerera nayo.

Atachotsa manja, anapukuta magalasi, ndipo munthu wa ku Switzerland uja anabwereramo. Anafunsa kuti winanso akudziwa ndani. Ndinati palibe. Anati mwala wasemedwa kale, nyuzipepala zasindikiza kale mawuwo, pa 17 Okutobala kubwera mkulu wina wa boma kudzatsegula manda, ndipo za fakitale sizinathe kusainidwa, tauni ikukonda Hanzal wonyada ameneyu.

"Musauze wina, mayi Kubátová. Dzina la bambo langoyamba kumene kuima. Sindikufuna mawa aziwaseka m'mabawa kuti anali nkhalamba yakhungu yomwe mayi wa lendi ankaibisira makalata." Anatulutsa pepala lija m'jekete n'kulikankhira kwa ine. "Sainani, ndipo tisadzaonanenso."

Ndinasaina, ndi cholembera cha woperekera zakudya.

Pobwerera ndinafuna kumunyoza monga mwa chizolowezi changa, ndipo chifukwa chinalipo. Ndinam'patsa bambo ake enieni, munthu amene ankamvetsera chipata, iye n'kusankha wa pamwala chifukwa ndi amene akugwirizana ndi mwambo. Koma ulendo uno sindinathe. Musaganize kuti a Dohnal ndawakhululukira. Ndikuwanyozabe onse, ndi malipenga awo, ndi pepala lawo la tiyi, ndipo ndidzafa ndikuwanyoza. Kungoti tsopano ndaona kuti Loweruka anandikhazika molakwika. Malo anga anali kutsogolo, pafupi ndi njinga ya Vrba. Komanso Vrba ananamizira munthu amene sankadya naye mbale imodzi.

Pempho langa ndi ili. Sainani pomwe ndaikapo kamtanda ka pensulo, mukadinditse kwa loya wa kumeneko, ndipo mutumize ndi ndege kuti lifike pasanafike pa 10 Okutobala. Ndikudziwa kuti mukadawerenga tsamba loyamba lokha mukanakana pofuna kundiikira kumbuyo. Musakane. A Otakar ndinawasunga kale kamodzi iwo asakudziwa, kachiwiri sindingathe. Apite akagone pafupi ndi mkazi wawo, ngakhale pamwamba pawo palembedwe zanga.

Musabwere, ulendowo ndi wautali kwa inu. Musaimbenso foni, poti ili kwa aneba ndipo amaima pakhomo ngati akufuna mchere. Mukafuna kundiyankha, musandilembere zoti Mulungu amakhululuka. Wansembe watsopano amauza aliyense zomwezo, ngakhale Vrba anauzidwa. Mundilembere za adzukulu, za mitengo ya zinthu, za chisanu cha kumeneko. Mukaona kuti simungathe kundilembera konse, tumizani pepala lokha, ndidzamva.

Mundiperekere moni kwa ana anu, kwa Ivana ndi mwamuna wake, kwa Luboš, ndi kwa kamtsikana kamene munati kakuphunzira zeze, kamene sindinakaonepo koma chithunzi chake chili pa kabati. Kwa alamu anga a Evžen munene kuti Jarmila akuti pepani. Akafunsa kuti pepani wa chiyani, munene kuti simukudziwa. Mu 1948 iwo anali ndi mkazi ndi khanda, ndipo ankaopa anthu okhala ndi mfuti. Ine pakhomo panga panalibe mfuti.

Afukula pa 14 Okutobala m'mawa. Ndikakhalapo, chifukwa pafunika munthu wowauza mbali yomwe kuli mutu, komanso kuti fupa la mwendo wamanzere linathyoledwa kundende, asaganize kuti ndi iwo alithyola. Maluwa a amayi ndiwazula ndekha tsiku lisanafike, ndidzawabzalanso. Ndapempha okumba manda kuti pofotsera asapondeponde dothi kwambiri, asadzavutike kawiri. Malo a pakati pa bambo ndi mayi atsala, ndipo ngati inu simukana, ndi anga. Pamwala padzakhale dzina ndi zaka basi. Mawu ndalemba okwana.

Mutsale bwino, achemwali, ndipo muzivala zofunda.

Ndine mng'ono wanu, ngati mukundilolabe,

Jarmila